Tsiku Limene Ndinanyamula Mwana wa Nduta

Lonjezo, Thokozani ndi iwe Madalitso, zambiri za ku Nairobi mumazidziwa chifukwa munakulira komweko. Mumakumbukira sukulu yanu, matope a mu Epulo, ndi mmene bambo anu ankakanganirana ndi makondakitala a matatu, maminibasi a kumeneko, m'Chiswahili chawo chothyokathyoka. Koma pali nkhani imodzi ya kuntchito kwanga imene sindinakuuzenipo. Nthawi imeneyo munali ana, ndipo mutakula ine ndinali nditazolowera kukhala chete. Tsopano maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndati ndilembe dzanja lisanakane. Dzina la nyumba imene ndikambe pano, ndi la gulu la masisitere amene ankaiyendetsa, sinditchula. Ambiri mwa iwo anamwalira, ndipo ena analibe mlandu.

1969 mpaka 1975

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino ndi uzamba inali pachipatala cha mishoni kumapiri a ku Ntcheu. Zinthu zinali zosowa. Magolovesi tinkawawiritsa, kuwayanika pachingwe, n'kuwavalanso mpaka atabooka. Singano za jakisoni zikabuntha tinkazinola pamwala. Amene anandiphunzitsa ntchito anali masisitere, ndipo ndikufuna mumvetse kuti ndinkawakonda. Ndinaona ndi maso anga sisitere wina wachikulire akugona pabedi n'kupereka magazi ake kwa mayi amene anataya magazi ambiri pobereka, kenaka n'kudzuka, kumwa tiyi, n'kubwerera kuwodi. Kwa ine, munthu wovala mkanjo uja ndi chophimba kumutu sakananama. Ndinachoka ku Ntcheu ndi chikhulupiriro chimenecho mu 1975, bambo anu atapeza ntchito ku Nairobi m'bungwe la mayiko ambiri loona za ulimi.

1976 ndi 1977

Titakhazikika m'kanyumba kathu ka pamwamba ku Lavington, inenso ndinalembedwa ntchito m'bungwe lina lakunja loona za umoyo wa amayi ndi ana. Bwana wanga anali a Dokotala Owusu a ku Ghana, munthu wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuwayeza pasikelo. Ntchito yathu inali yoyendera zipatala zing'onozing'ono za mipingo, kupima ana, kubaya katemera, ndi kugawa mkaka waufa umene tinkautenga kunyumba yathu yosungira katundu ku Industrial Area. Malo amene ndinkawakonda kwambiri anali kachipatala ka ku Kangemi, ka malata okhaokha, komwe amayi ankafola mzere kuyambira m'mawa ndi ana onyentchera kumsana. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzirira Chiswahili, amayi aja akundiseka ndikalakwitsa. Petulo akasowa tinkakwera matatu ndi mabokosi a katemera pamiyendo. Zinali zaka zabwino, ndipo ndinkabwerera kunyumba nditatopa koma mtima uli mbee.

1978

Chaka chimenechi a Owusu anandiuza kuti masisitere omwe ankayendetsa kachipatala ka ku Kangemi analinso ndi nyumba yosungiramo atsikana otenga mimba asanakwatiwe, cha kumalire a Lavington. Mzamba wawo anali atasiya ntchito, ndiye anapempha kuti ndizipitako Lachiwiri ndi Lachinayi, komanso akandiitana. Ndinavomera ndi chimwemwe.

Nyumbayo inali kuseri kwa mpanda wautali wa minga. Kutsogolo kunali maluwa, kapinga wometedwa bwino ndi chipinda cha alendo chonunkhira polishi. Wamkulu wa pamalopo anali a Sisitere Klara, mzungu wamtali wa imvi, amene anakhala ku Kenya kuyambira dzikolo lisanalandire ufulu ndipo ankalankhula Chikikuyu ngati mwini. Anandilandira bwino, akunditchula Mayi Mlenga potengera dzina la bambo anu, nanditsogolera kuseri. Kumeneko ndinaima kaye. Atsikana a mimba zazikulu anali atawerama pamasinki a simenti akuchapa nsalu za pabedi, milu ndi milu, ena akusita ndi nsimbi za makala. Onse anali atametedwa mpala, onse atavala madiresi otuwa ofanana. Palibe ndi mmodzi yemwe anakweza maso. A Sisitere anandiuza kuti nsaluzo zinali za mabanja a ku Lavington ndi za nyumba zina zogona alendo, kuti ntchito imachotsa maganizo oipa, ndipo tsitsi amalimeta poopa nsabwe. Pambuyo pake ndinadziwa kuti mtsikana aliyense akafika ankamupatsa dzina latsopano, makalata ake ankayamba awerengedwa, ndipo pageti sankatuluka mpaka atabereka.

Tsiku loyamba kubereketsa pamalopo, mtsikanayo anang'ambika, ndipo nditapempha mankhwala ochititsa dzanzi kuti ndimusoke, sisitere wothandiza anandiuza kuti pano sapereka. Ndinayesa kuti atha. Iye anati alipo m'kabati, koma lamulo la a Sisitere Klara ndi lakuti ululu umenewu mtsikana aziukumbukira, kuti asadzabwerezenso. Ndinamuyang'ana kumaso kuti mwina akuseka. Sankaseka. Ndinatulutsa mankhwala a m'chikwama changa n'kumubaya mtsikanayo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinkapitako popanda botolo langa. Koma sindinauze munthu. Ndinadziuza kuti ndine mlendo, kuti mwina kuno ndi mmene amachitira, kuti bola ine ndilipo ndizichepetsako zowawa. Ndinkadziwanso kuti ana ambiri obadwira pamenepo ankaperekedwa kwa mabanja ena. Anandiuza kuti amayi awo ankavomera okha ndi kusayina, ndipo ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.

Mwa atsikana onse, amene ndinazolowerana naye anali wina amene pamalopo ankamutchula Rita. Tsiku lina ndikumupima mimba, anandinong'oneza kuti dzina lake lenileni ndi Nduta. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wochokera cha ku Murang'a, ndipo anali mu fomu 3 pamene mphunzitsi wake anamupatsa mimba. Bambo ake, mkulu wa mpingo kumudzi kwawo, ndi amene anamubweretsa. Anali mtsikana wanzeru, wa mafunso ambiri. Ankafuna kudziwa ngati ku Malawi kuli khofi, ndiponso ngati munthu amene ali ndi mwana angaloledwe kuphunzira unamwino. Anandiuza kuti kawiri konse anamuitanira ku ofesi kuti asayine pepala lopereka mwana, ndipo kawiri konse anaika manja kumbuyo. Anali ndi azakhali ake ku Kangemi, ogulitsa ndiwo zamasamba m'mbali mwa msewu, ndipo ankati akatuluka adzapita kumeneko ndi mwana wake.

Anabereka masana ena a dzuwa, mwana wamkazi wonenepa bwino, ndipo anamutcha Wairimu, dzina la mayi ake. Patapita masabata asanu ndi limodzi, Lachinayi m'mawa, a Sisitere Klara anandiuza kuti sikelo ya kuwodi yawonongeka, ndiye ndikatenge mwana wa Rita ndidzamupimire m'chipinda cha alendo. Ndinamupeza Nduta atakhala pachitini kuseri kwa masinki, akuyamwitsa, manja ake atang'ambikang'ambika ndi sopo. Anandipempha kuti ndidikire mwana amalize. Ine ndinali ndi changu, galimoto ya ku ofesi inkandidikira. Ndinalowetsa chala pakamwa pa mwanayo, monga timachitira azamba, n'kumuchotsa kubere.

“Ndibwera naye pompano,” ndinatero.

M'chipinda cha alendo munali azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, akumwa tiyi. A Sisitere anati ndi abwenzi a nyumbayo amene akufuna kuona mmene timagwirira ntchito. Ndinamupima mwanayo, kumumvetsera pachifuwa, kumuyang'ana m'maso ndi m'makutu. Kenaka anandipatsa pepala loti ndisayine, lonena kuti mwanayo ali bwino ndipo atha kuyenda ulendo. Mawu a ulendowo ndinawawerenga, sindinganame kuti sindinawaone. Ndinaona ndi kachikwama ka zovala zatsopano za mwana pafupi ndi mapazi a mayi uja. Komabe ndinasayina, chifukwa amene anandipatsa cholembera anali sisitere. Mayi uja anapempha kuti amunyamuleko, ndipo ndinamupatsa ndi manja anga awiri. Nthawi yomweyo a Sisitere anati ndithamangire kuwodi, mtsikana wina akutaya magazi. Nditafika ndinapeza kuti palibe choopsa. Ndili pawindo la kuwodiko, ndinaona galimoto yoyera ikutuluka pageti.

Nditafunsa, a Sisitere anandiuza kuti Rita anasintha maganizo dzulo lake, zonse zachitika mwalamulo, ndipo ndi bwino ndimusiye yekha lero chifukwa ndi tsiku lowawa. Ndinakwera galimoto yathu osamuona. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani sindinangozungulira kuseri, mtunda wosakwana masitepe makumi atatu.

Lachiwiri lotsatira ndinakumana naye m'khonde la kutchalitchi. Anali atamumanga mabere ndi nsalu, koma mkaka unali utadutsa mpaka padiresi. Anandigwira manja onse awiri n'kundithokoza m'Chiswahili.

“Asante, Mama. Andiuza kuti munayesetsa.”

Ndinamufunsa kuti ndinayesetsa chiyani. Iye anafotokoza mwakachetechete kuti a Sisitere anamuuza zonse: kuti pomupima ndinapeza kuti mtima wa mwanayo sunali bwino, kuti ndinathamanga naye kuchipatala chachikulu, kuti anamwalirira m'manja mwanga tili panjira, ndipo a boma anamuika m'manda tsiku lomwelo monga mwa malamulo a m'tauni. Anati sakundiimba mlandu, akudziwa kuti ndinkamukonda Wairimu.

“Ndingofuna mundiuze chinthu chimodzi. Analira?”

Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti ayi, sanalire. Zinali zoona, mwanayo sanalire. Nduta anagwedeza mutu n'kubwerera kumasinki.

Ndinalowa mu ofesi ya a Sisitere Klara osagogoda. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena achita manyazi. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndipo analankhula modekha ngati tikukambirana za katemera. Anati bodza limenelo samauza atsikana onse, koma okhawo amene akana kusayina. Pamapepala amalemba kuti mwanayo anatayidwa ndi mayi ake, ndipo kwa mtsikanayo amati wamwalira. Anati dzina la mzamba limathandiza chifukwa atsikana amakhulupirira azamba, ndipo mzamba amene ndinalowa m'malo mwake ankadziwa. Maganizo awo anali akuti mwana wakufa amaliridwa n'kuiwalika, mtsikana n'kubwerera kusukulu kapena kukwatiwa, koma mwana wamoyo mayi amamufunafuna mpaka kupenga. Anati anaonapo atsikana atatuluka ndi ana awo, patapita chaka n'kuwapeza akudzigulitsa m'mabala, mwana atatupa mimba ndi njala.

“Bambo ake a Rita anandiuza kuti asadzabwerere kwawo ndi mwana. Mphunzitsi uja akuphunzitsabe. Kumpingo kwawo palibe amene anatsegula pakamwa. Mwa anthu onsewa, Mayi Mlenga, amene anatsegula geti ndine ndekha. Ndipo mwabwera kudzaweruza ine?”

Ndinangoti: “Koma mwanayo ali moyo, a Sisitere. Ndipo mwagwiritsa ntchito manja anga.” Iwo anati adzandipempherera. Chimene chinandiopsa kwambiri si mawu awo, koma nkhope yawo. Inali nkhope ya munthu amene mtima wake sukumutsutsa ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake ndinawauza a Owusu. Anatseka chitseko, namvetsera mpaka ndinamaliza, atagwira chipumi. Kenaka anandifotokozera mmene zinthu zilili. Lamulo la bungwe lathu linali lakuti dandaulo lotere likalembedwa, thandizo lonse lopita kumalo a gulu limenelo liyenera kuima mpaka nkhaniyo itafufuzidwa, ndipo kufufuza kunkatenga miyezi. Izi zinkatanthauza kuti mkaka wa ana a ku Kangemi uimanso. Anandiuzanso, akuyang'ana pawindo, kuti ena mwa mabanja amene ankatenga ana pamenepo anali anthu a m'maofesi a akazembe ndi a m'mabungwe ngati lathu lomwe.

“Mukandiuza ndi pakamwa, ndimva ngati munthu ndipo ndikusamutsani mwakachetechete,” anatero. “Mukalemba, ndiyenera kuchita ngati bwana. Ganizani masabata awiri.”

Bambo anu ndinawauza Lamulungu masana, inu mukusewera panja. Kenaka anandikumbutsa zimene tonse tinkadziwa, kuti masiku amenewo Mmalawi wokhala kunja akamveka kuti akuyambitsa phokoso, ankatha kuitanidwa kumudzi, pasipoti n'kulandidwa, osafunsidwa mbali yake. Anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndinawayankha kuti mlomo wanga unatsala kale m'nyumba ija, ndi umene unanena kuti ndibwera naye pompano. Anandiyang'ana, nati aona kuti sabata yonse sindikudya, ndiye ndichite chimene ndingathe kukhala nacho, ndipo ngati n'kubwerera kumudzi tibwerera tonse. Mayi wina wa m'gulu lathu la Amalawi, amene ndinamufunsa nzeru popanda kutchula malo, anandichenjeza kuti atumiki a Mulungu sakhudzidwa.

Sabata yachiwiri ndinapita ku Kangemi kukapima ana monga mwa nthawi zonse. Ndinkayang'ana mzere uja, mwana aliyense ndikumudziwa dzina ndi kulemera kwake, ndipo ndinkadzifunsa kuti ndine yani kuti ndichotse kapu ya mkaka pakamwa pawo chifukwa cha chikumbumtima changa. Ndinatsala pang'ono kusankha kukhala chete. Koma Lachinayi lake, kunyumba ija, mtsikana wina wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu anandiuza monyadira kuti nayenso wakana kusayina. Ndinadziwa chimene chikumudikira, ndipo ndinadziwa kuti dzina la mzamba wonenedwa m'bodzalo lidzakhalanso langa. Tsiku lomwelo ndinabwereka makina otayipira a ku ofesi n'kulemba masamba anayi. Ndinalemba za tsitsi, za mayina, za kusoka popanda dzanzi, za Nduta. Ndinalembanso kuti pepala la ulendo ndinasayina ndine. A Owusu atawerenga anavula magalasi, nadinda chidindo chawo.

Chinatsala chinali chovuta kuposa lipoti. Nduta anali atatulutsidwa, ndipo ndinamufufuza ku Kangemi pofunsa amayi ogulitsa ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma m'mbali mwa msewu waukulu mpaka ndinapeza azakhali ake. Ananditsogolera m'tinjira ta matope, kudumpha ngalande, mpaka pachipinda chimodzi cha malata. Nduta anali atakhala pabedi akusankha nyemba. Anasangalala kundiona, nafuna kuika madzi a tiyi pamoto, koma ndinamuletsa. Ndinamuuza kuti Wairimu sanamwalire, sanadwale n'komwe, anatengedwa ndi azungu awiri pagalimoto yoyera. Azakhali aja anagwira kukamwa n'kutsamira chitseko. Nduta sanalire. Anaika mbale ya nyemba pansi mosamala, ngati ikhoza kusweka.

“Anamupereka ndani?”

“Ndine.”

“Tsiku lija m'khonde, ndikukuthokozani, munkadziwa?”

“Ndinadziwira pomwepo, iwe ukulankhula.”

“Ndiye munandisiya ndikulira maliro masabata atatu.”

Ndinavomera. Anandifunsa kuti anthuwo anali a dziko liti, ndipo sindinkadziwa. Anandifunsa mayina awo, sindinkadziwa. Anandifunsa nambala ya galimoto. Pomaliza anafunsa ngati mayi uja ankadziwa kugwira mutu wa mwana. Ndinati ankadziwa. Apo m'pamene Nduta anatembenukira kukhoma. Azakhali ake anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo matatu itaima anandiuza kuti sakudziwa ngati ndabweretsa mankhwala kapena poizoni.

1979 mpaka 1985

Mkaka wa ku Kangemi unaima kwa pafupifupi theka la chaka. M'miyezi imeneyo kamwana ka mayi wina wogulitsa makala, kamene ndinkakapima mwezi ndi mwezi ndipo kanali katayamba kunenepa, kanamwalira. Sindinganene kuti mkaka ukanakapulumutsa, sindinganenenso kuti sukanakapulumutsa. Mayi ake sanadziwe kuti ine ndinali ndi mbali pa kuima kwa mkakawo, ndipo ndinalibe mphamvu zomuuza.

Ofufuza anapita kunyumba ija, amuna okhaokha. Anamwetsedwa tiyi m'chipinda cha alendo, anaonetsedwa mabedi oyera ndi mapepala okhala ndi zidindo zonse. Atsikana anafunsidwa a Sisitere ali pomwepo. Lipoti lawo linati pali zofunika kukonza. Patapita miyezi ingapo a Sisitere Klara anabwerera kwawo ku Ulaya, akuti kukapuma, ndipo anawachitira phwando lotsanzikana. M'malo mwawo munalowa sisitere wa ku Kenya komweko. Ndinamva kuti bodza la maliro linatha, ndipo mtsikana wa miyezi isanu ndi itatu uja anatuluka ndi mwana wake kumsana. Koma kumeta ndi kuchapa kunapitirira mpaka nyumbayo inatsekedwa patapita zaka n'kusandutsidwa malo ogona ana asukulu. Palibe amene anaimbidwa mlandu, kaya sisitere, kaya mphunzitsi, kaya amene ankadinda mapepala, kaya ine.

Kumudzi sitinaitanidwe, ngakhale chaka chonse bambo anu ankadzidzimuka kalata ya boma ikafika. Ine anandichotsa m'zipatala, akuti masisitere sakufuna kugwira nane ntchito, n'kundiika kunyumba yosungira katundu ku Industrial Area kuti ndiziyang'anira mafiriji a katemera. Ndinakhala kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri pakati pa malole ndi utsi, ndipo ku Kenya sindinabereketsenso mayi wina aliyense. Kutchalitchi ena anasiya kundipatsa moni. Inenso ndinasiya kupita kwa chaka chathunthu, munkandifunsa chifukwa chake ndipo ndinkati mutu. Chimene chinkandikanika chinali kugwirizanitsa sisitere wa ku Ntcheu wopereka magazi ake ndi sisitere wa ku Nairobi, poti onse ankapemphera pemphero limodzi ndipo onse ankati akutumikira osauka. Ndinabwerera kutchalitchi osapeza yankho. Ndinangosiya kukhulupirira munthu chifukwa cha chovala chake, kuphatikizapo yunifolomu yanga yoyera.

1986

Nduta anadzapeza ntchito pafakitale yosoka zovala, msewu wachiwiri kuchokera pamene ndinkagwira ntchito. Nthawi zina tinkaonana masana pamalo ogulitsira chakudya. Ankandigwedezera mutu, basi. Titatsala pang'ono kubwerera ku Malawi, ndinalimba mtima n'kukamudikira pageti la fakitale nthawi ya nkhomaliro. Anali mayi wamkulu tsopano, atakwatiwa, ali ndi ana awiri. Tinakhala pakhoma lalifupi m'mbali mwa ngalande, malole akudutsa.

Anandiuza kuti zaka zonsezi wakhala akuyenda m'maofesi. Kwa masisitere anamuuza kuti mabuku akale anapita ku Ulaya. Ku ofesi ya boma anamuonetsa pepala lonena kuti mwanayo anatayidwa ndi mayi wosadziwika, ndipo kalaliki anamufunsa kuti iye akufuna chiyani pa mwana wa mayi wosadziwika. Anati mwana aliyense wakuda akamuona ali ndi azungu m'tauni amamutsatira mpaka aone nkhope. Nditamuuza mawu a Sisitere Klara aja oti mwana wamoyo mayi amamufunafuna mpaka kupenga, anati ananena zoona pa chinthu chimodzi, kuti iye sadzapumanso, ndipo pali masiku amene amadana nane chifukwa chomuuza.

Ndinamufunsa ngati zikanakhala bwino ndikanakhala chete.

“Ayi,” anatero. “Kupuma kwa mtundu umenewo sindikufuna. Anali mwana wanga, ululu wakenso ndi wanga. Iwo analibe ufulu wondisankhira.”

Ndinamupempha kuti andikhululukire. Anati nkhani ya kukhululuka sanafikepo, mwina adzafika. Koma anali ndi chopempha. Anatulutsa kope la mwana wake wa sukulu m'chikwama, nathothola masamba apakati. Anati ndilembe zonse zimene ndinaona tsiku lija, ndi dzanja langa, ndisayine dzina lomwe lija ndinasayina papepala la ulendo, kuti ngati Wairimu adzabwere iye atafa, adzapeze mboni. Ndinalemba nditatsamiritsa pepala pabondo, belu la fakitale likulira, iye ataima pambali panga mochedwa kuntchito. Atawerenga anandiuza kuti ndaiwala chinthu chimodzi, ndiwonjezere kuti mwanayo ndinamuchotsa kubere asanakhute. Ndinawonjezera. Anapinda pepalalo kanayi, kuliika pachifuwa, n'kulowa pageti. Sitinaonanenso.

Ana anga, Wairimu ngati ali moyo ndi mayi wamkulu tsopano, kwinakwake kudziko lozizira, ali ndi dzina lina ndipo mwina sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chikikuyu. Papepala lake la ulendo lija pali dzina limodzi lokha la munthu wa ku Africa lowerengeka bwino, ndipo ndi langa, chifukwa ine ndinkasayina mwaluso monga anatiphunzitsira kumishoni. Tsiku lina akhoza kulitsatira mpaka kuno. Akadzafika ine kulibe, musadzamuuze kuti amayi anu anali munthu wabwino, si zimene adzakhale atabwerera. Mudzamuyang'ane kuseri kwa khutu lamanzere, ali ndi kadontho kakuda kobadwa nako ngati njere ya mpiru. Mukadzakaona, mudzamukhazike pansi, mudzamuuze kuti mayi ake dzina lawo ndi Nduta, a ku Murang'a, kuti anaitanidwa kawiri kuti asayine ndipo kawiri konse anaika manja kumbuyo. Sanamutaye. Anandipempha kuti ndidikire mwana amalize kuyamwa, ndipo ine ndinali ndi changu.